Kodi Ntchito Yochiza Mano Inayamba Liti? Yankho kwa Mayi wa ku Chipata

Mayi wina wa ku Chipata wanditumizira imelo. Akuti: "Mwana wanga amubowola dzino kuchipatala n'kulimata. Agogo ake akuti kale zoterezi kunalibe, dzino likamawawa ndiye kuti muli kachirombo, ankangofukiza kapena kuzula basi. Kodi ntchito ya mano inayamba liti, ndipo anaiyambitsa ndani?"

Zikomo mayi. Munthu mmodzi amene tingamuloze chala kuti ndiye anayambitsa palibe. Koma agogowo muwauze mwaulemu kuti kubowola dzino n'kwakale kuposa mapiramidi a ku Egypt. Chomwe chinachedwa ndi kudziwa chimene chimaoletsa dzinolo. Manja a anthu anatsogola, nzeru zinabwera pambuyo kwambiri.

Vutolo lenileni ndi lakalekale, ndipo umboni wake wina unachokera kwanu komweko ku Zambia. M'chaka cha 1921 anthu okumba mgodi wa Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, anapeza chigaza cha munthu wamakedzana. Kafukufuku wa mu 2020 anaonetsa kuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Mano ake ambiri a m'mwamba ndi obooka, ena anaola mpaka m'nsagwada. Shuga wa m'sitolo kunalibe, koma mkuluyu anavutika ndithu. Chigazacho chikusungidwa ku London, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere kwawo.

Zoyesa kuchiza zikuoneka mochedwerapo. Ku Villabruna, kumpoto kwa Italy, kunapezeka dzino la mnyamata wa zaka 14,000 zapitazo lomwe chibowo chake chinapalidwa ndi kamwala kakuthwa. Ku Slovenia kunapezeka dzino losweka la zaka 6,500 zapitazo lomatidwa ndi phula la njuchi.

Koma nkhani imene imandigwira mtima ndi ya ku Mehrgarh, m'chigawo cha Balochistan ku Pakistan. Kumeneko kunali mudzi wa alimi a tirigu ndi balere. M'manda awo akatswiri anapeza mano 11 a anthu akuluakulu 9 atabowoledwa bwinobwino, zaka zapakati pa 7,500 ndi 9,000 zapitazo, ndipo anazilengeza mu 2006. Onse ndi mano a m'kati otafunira, kotero sizinali zodzikongoletsa, chifukwa amene angakaone kumeneko ndani? M'mphepete mwa mabowowo ndi mosalala, kusonyeza kuti eni ake anapitiriza kutafuna pambuyo pake. Anabowoledwa ali moyo, ali maso. Anthu a m'mudziwu anali akatswiri oboola mikanda ya miyala ndi zigoba, ndipo zikuoneka kuti kachipangizo ka nsonga ya mwala komwe ankaboolera mikanda ndi komwe kanalowa m'kamwa. Ine ndimaganizira wodwalayo, kuti dzino linafika pomuwawa motani kuti avomere kuyasamulira munthu wopanga mikanda. Luso limeneli linakhalapo zaka pafupifupi 1,500, kenako silikuonekanso m'manda a pambuyo pake.

Mukafuna dzina, loyamba limene mabuku amatchula ndi Hesy-Ra, nduna ya mfumu Djoser ya ku Egypt cha m'ma 2650 BC. Pa matabwa osema a m'manda ake ku Saqqara pali udindo womwe ambiri amauwerenga kuti mkulu wa ochiza mano, ngakhale ena amati ukunena za osema minyanga ya njovu. Odwala mano ku Egypt analipo ambiri. Ufa wawo unkakhala ndi mchenga wa m'chipululu komanso tizidutswa ta mphero, ndiye mano ankaperepeseka mpaka mtsempha kuonekera, kenako mafinya. Ngakhale mafumu sankapulumuka. Chodabwitsa n'chakuti anthu omanga mapiramidiwa sankachita zambiri m'kamwa. Gumbwa wa Ebers (mpukutu wa zamankhwala wa ku Egypt), wolembedwa cha m'ma 1550 BC, ali ndi mankhwala opaka ndi otafuna, monga uchi wosakaniza ndi dothi lamtundu kapena ufa wa miyala. Uchi umathandizako pa zilonda, koma dzino loola silimva uchi.

Tsono za kachirombo ka agogo zija. Sali okha, ndipo si maganizo a kwathu kuno kokha. Ku Babylon kunali mawu amene sing'anga ankalakatula pochiza dzino, olembedwa pa mapale a dongo. Amati nyongolotsi inapita ikulira kwa milungu Shamash ndi Ea kukapempha chakudya. Ataipatsa nkhuyu zakupsa inakana, n'kunena kuti ikufuna kukhala pakati pa mano ndi nkhama kuti iziyamwa magazi. Chikhulupiriro chomwechi chinalinso ku India, ku China ndi ku Ulaya. Sindiwaseka anthu amenewa. Aliyense amene anaonapo chimanga chofumbwa ndi nankafumbwe akaona kabowo pa dzino aganiza chimodzimodzi.

Kufukiza nakonso kuli ndi mbiri. Scribonius Largus, sing'anga wa ku Rome m'nthawi ya mfumu Claudius, analemba kuti njere za chomera cha henbane aziziika pa makala, wodwala n'kuyasamulira utsiwo, kenako n'kuchukucha madzi otentha. Chomerachi chimaledzeretsa, ndiye ululu unkachepadi. Njerezo zikaphulika zimatulutsa tinthu toyera topindika, ndipo kwa zaka mazana ambiri akathyali a m'misika ya ku Ulaya ankationetsa kwa odwala kuti nazi nyongolotsi zanu, lipirani.

Zoika mano ena zinaliponso. Anthu a Etruria, ku Italy, cha m'ma 600 BC ankamangirira mano oikirira ndi timalamba ta golide, makamaka amayi a m'mabanja olemera. Buku la mankhwala la ku China la m'chaka cha 659 limatchula phala la siliva lomatira mano. Ku Ulaya ntchito yozula inagwera ometa tsitsi, ndipo inakhala m'manja mwawo nthawi yaitali.

Nyongolotsi ija inayamba kutha mphamvu mu 1728, pamene Pierre Fauchard wa ku France anatulutsa buku lake lalikulu la mano. Iye anaikayikira poyera, n'kuloza shuga. Kufotokoza kokwanira kunabwera mu 1890 kuchokera kwa Willoughby Miller, wa ku America koma wogwira ntchito ku Berlin: mabakiteriya a m'kamwa amadya zotsalira za shuga ndi ufa, n'kutulutsa asidi amene amasungunula dzino.

Jekeseni wa dzanzi amene mwana wanu ayenera kuti anabayidwa ndiye chinthu chatsopano zedi pa zonsezi. Amene anatsegula njira yochitira opaleshoni popanda ululu anali madokotala a mano: Horace Wells, yemwe anazulitsa dzino lake atapuma mpweya wa nitrous oxide mu 1844, ndi William Morton, yemwe anagoneka wodwala ndi mankhwala a ether pamaso pa madokotala ku Boston mu 1846.