Yankho kwa achimwene pa zotenga alamu kubwera nawo ku UK

Eee, moni nonse pagulu pano. Achimwene, uthenga wanu ndinauona m'mawa, koma ndinali pa shifiti ndipo foni timasiya m'chikwama. Kulemba sindikwanitsa, zala zatopa, ndingolankhula. Amene nkhaniyi sikukukhudzani mungodumpha, italika.

Mwafunsa kuti poti pasipoti ya Britain muli nayo, koma zaka zinayi izi mwakhala mukugwira ntchito ku Lilongwe, mungayambe bwanji mapepala a alamu muli konko kuti mudzakwere ndege imodzi. Mwafunsanso ngati malipiro a amalume a ku Leicester angaimire anu. Ndiyambe ndi la amalumelo poti ndi lalifupi. Ayi, sizitheka. Zoti m'bale asainire nawo kuti ndithandiza ine zimachitika ku America. Kuno a Home Office, ofesi ya boma yoona za ma visa, amayang'ana thumba la mwini mkazi basi. Chimene amalume angachite n'kukupatsani chipinda chofikira, alembe kalata, aonetse mapepala a nyumba, ndiponso zioneke kuti simukhala mothithikana. Pamenepo amavomera.

Ndiye nkhani yonse yagona pa ndalama. Kuyambira pa 11 April 2024, wotenga mkazi kapena mwamuna wake ayenera kumalandira £29,000 pachaka msonkho asanadule. Nthawi imene ine ndinkatenga bambo a kunyumba kuno inali £18,600, ndipo tinkalira kuti yachuluka. Pamwezi £29,000 ndi ngati £2,417. Tsono poti inu muli kunja, amafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi. Muonetse kuti ntchito imene mukugwira ku Lilongweko yakhala ikukupatsani ndalama yofika pamenepo kwa miyezi 6 yapitayi, komanso mukhale ndi kalata ya ntchito ya kuno, yolipira £29,000 kapena kuposa, imene mudzayambe pasanathe miyezi 3 mutafika. Zonse ziwiri, osati chimodzi.

Apa ndi pamene ndikufuna mukhale pansi ndi pensulo. Inu mumalandira makwacha. Iwo amatenga makwachawo n'kuwasintha kukhala mapaundi pa mtengo wa pa OANDA, tsamba la pa intaneti losonyeza mitengo yosinthira ndalama, wa tsiku limene mwatumiza fomu. Mukukumbukira November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti? Malipiro anu pa pepala sanasinthe, koma m'maso mwa munthu wa ku Home Office anafota tsiku limodzi. Kwathu mumaoneka bwana, galimoto ya bungwe, nyumba ya mpanda, koma mukawerengera m'mapaundi ndikukayika ngati mukufika ndi theka lomwe. Werengerani nokha usiku uno, musadzinamize.

Ndipo musanene kuti tiphatikiza ndi malipiro a alamu a kuchipatala. Ndikudziwa amagwira ntchito, mwina kuposa inu, hahaha, koma malipiro a munthu amene akupempha visa ali kunja sawerengedwa. Amadzayamba kuwerengedwa akafika kuno, ali ndi chilolezo chogwira ntchito, pa nthawi yowonjezera visa. Zimapweteka koma ndi mmene zilili.

Njira ina ndi ndalama zosunga. Ngati malipiro palibiretu, amafuna £88,500 itakhala phee ku banki miyezi 6, m'dzina lanu, la alamu, kapena la nonse awiri. Ndamva kale mayi akuti "mayo ine" kumudziko. Kawerengedwe kake n'kakuti £16,000 yoyamba sailabadira, ndiye chimene chikuperewera pa £29,000 amachichulukitsa ndi 2.5. Tinene kuti mwapeza ntchito ya £25,000. Chaperewera ndi £4,000, kuchulukitsa ndi 2.5 ikhala £10,000, kuwonjezera £16,000 ija, ndiye mufunika £26,000 yosunga. Mphatso ya m'bale amalola, bola ikhale mphatso yeniyeni, munene kumene yachokera, ndipo igone mu akaunti yanu miyezi 6 yonseyo. Zobwereka za m'chipereganyu, zolowa Lolemba n'kutuluka Lachisanu, amaziona. Nyumba ya ku Area 25 ija mutaigulitsa, ndalama yake ikhoza kuwerengedwa osadikira miyezi 6, malinga mapepala aonetse kuti inali yanu kale miyezi imeneyo isanayambe. Koma ine ndisaname, kugulitsa nyumba chifukwa cha visa sindikukulimbikitsani. Zikakanika kuno mudzabwerera kuti?

Dikirani kaye, mphika ukusefukira.

Eya, ndabwera. Ndiye maganizo anga ndi awa, ndipo alamu mundikhululukire chifukwa ndikudziwa mukumvera. Za ndege imodzi ziiwaleni. Achimwene mutsogole nokha, mupeze ntchito, mugwire miyezi 6 kwa bwana mmodzi, kenako alamu apemphe visa ali ku Malawi. Ndi mmene ambiri timachitira. Koma samalani ndi ntchito imene mutenge. Malipiro otsikitsitsa kuno kuyambira April 2025 anali £12.21 pa ola. Pa mtengo umenewo maola 40 pa sabata ankangokufikitsa cha m'ma £25,400 pachaka. Kuti ufike £29,000 pa mtengo umenewo ndiye maola 46 sabata iliyonse, osadwala, osapuma. Ine ndinazichita ku nyumba zosamalira okalamba, usiku, m'nyengo yozizira, kutuluka m'mawa kukadali mdima miyendo itatupa. Inu sukulu muli nayo, yambani kufunsira ntchito pa intaneti muli konko, musadikire kufika.

Mukaphatikiza miyezi 6 yogwira ntchito ndi nthawi yodikira yankho, imene amati ndi masabata 12, mukuyankhula za miyezi 9 kapena kuposa muli kosiyana. Kambiranani zimenezi awirinu, osati pagulu pano.

Wina akuuzani kuti alamu angobwera ndi visa yodzacheza, akafika musinthe. Musamvere. Wobwera ngati mlendo saloledwa kusinthira ku visa ya banja ali mkati muno, amayenera kubwerera kukapempha kwawo. Ndipo akaona kuti munanama cholinga cha ulendo, mwadziipitsira mbiri nokha.

Za mwana musadandaule. Anabadwa inu mutalumbira kale unzika, ndiye ndi nzika ya Britain kudzera mwa inu ngakhale anabadwira ku Lilongwe. Iye safuna visa, afuna pasipoti. Yambani msanga chifukwa pasipoti yoyamba ya mwana wobadwira kunja imachedwa, amafunsa mapepala ambiri.

Alamu, mbali yanu ndi iyi. Mayeso a Chingerezi, gawo loyambirira limene amati A1, kulankhula ndi kumva basi. Musaseke. Ndikudziwa Chingerezi mumachithyola kuposa tonse pano, koma Malawi sali pa mndandanda wawo wa mayiko olankhula Chingerezi. Mulembe mayeso pa malo amene iwo anavomereza, kapena digiri yanu itsimikizidwe ndi a Ecctis, bungwe la kuno loona mapepala a sukulu ochokera kunja, kuti munaphunzira m'Chingerezi. Kenako kuyezetsa TB ku chipatala chimene chili pa mndandanda wawo, osati kuntchito kwanu. Pepala la TB limatha mphamvu pakapita miyezi 6, choncho musathamangire kuyezetsa achimwene asanayambe n'komwe ntchito. Mudzalipira kawiri.

Komanso setifiketi ya ukwati. Chinkhoswe chija tinavina mpaka usiku, ankhoswe analandirana nkhuku, zonse zinayenda, koma mzungu wa ku ofesi uja safuna kuona nkhuku, afuna pepala. Fufuzani kumene munaika setifiketi ya ku tchalitchi ija, muone ngati mayina alembedwa chimodzimodzi ndi a m'mapasipoti. Pepala lililonse lolembedwa m'Chichewa limasuliridwe ndi womasulira amene asaine n'kuikapo dzina lake ndi tsiku. Umboni woti ndinu banja lenileni kwa inu suvuta, mwakhala nyumba imodzi zaka zonsezi, mwana alipo. Mungosunga mapepala osonyeza adiresi imodzi, ndipo achimwene akabwera kuno muzisunga malisiti a ndalama zimene akutumiza.

Ndikuuzeni chimene chinandigwetsa ine ulendo woyamba. Ndalama ndinali nazo zokwana, ntchito ziwiri. Koma bank statement yomaliza inali yakale. Lamulo limati isapitirire masiku 28 pofika tsiku lotumiza fomu, ine yanga inapitirira ndi masiku ochepa chabe chifukwa munthu amene tinamulipira kuti atithandize anaugonera envelopu mu kabati. Kalata yokana inabwera ndili pa basi, ndinaiwerenga katatu, ndinapitirira siteji yanga osazindikira. Ndalama ya zaumoyo, imene wopempha visa amalipiriratu kuti azidzathandizidwa ku zipatala za kuno, anabweza, koma ya fomu inapita. Ndiye ma payslip 6, ma statement a miyezi yomweyo osonyeza ndalama yomweyo ikulowa, ndi kalata ya abwana, muziyale patebulo muzifananitse mzere ndi mzere. Fomu mukhoza kulemba nokha pa gov.uk, tsamba la pa intaneti la boma la kuno. Mukafuna wothandiza akhale loya kapena mlangizi wolembetsedwa kuno, osati madobadoba a pa Facebook.

Mtengo wake? Mu 2025 fomu yopempha uli kunja inali £1,938, kuphatikiza ya zaumoyo £1,035 pachaka, imene amatenga ya zaka 3 nthawi imodzi, £3,105. Yapitirira kale £5,000, tikiti osawerengera, mayeso osawerengera. Mitengoyi amaikweza kawirikawiri, muone pa gov.uk tsiku lolipira. Visa yoyamba ndi ya miyezi 33, kenako mudzawonjezera miyezi 30 n'kulipiranso, ndipo ndi pamene malipiro a alamu adzathandize.

Achimwene, munditumizire CV yanu kumbali, pali mnzanga amene mwamuna wake amagwira ntchito zofanana ndi zanu, ndimuonetse Loweruka. Ndipo mayi, chonde, musakalengeze ku mvano kuti ana akupita ku Mangalande mwezi wamawa. Sanayambe n'komwe. Basi, nsima ikupsa, tilankhulana.