Pampu yomatira veneer kuno ku Joni

Achimwene, mwafunsa kuti mugule pampu iti yomatira veneer, timatabwa topyapyala tokongoletsera tija, pa zitseko za makabati ndi pamwamba pa matebulo, ndipo mwati pa Facebook Marketplace mwaonapo ija ya anthu okonza ma aircon ikupita motchipa. Ndalamayo ikhale kaye m'thumba.

Chimene chimapanikiza veneer si pampu ayi. Pampu imangochotsa mpweya m'chikwama chapulasitiki chimene mwatsekeramo bolodi ndi veneer yake, ndipo mpweya wakunja ndi umene umatsendereza chikwamacho pabolodi. Choncho mphamvu yake imadalira malo amene muli. Ku Durban, m'mbali mwa nyanja, mpweya umapanikiza pafupifupi 101 kPa (kPa ndi muyeso wa mphamvu yopanikiza). Ife kuno ku Johannesburg tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kuposa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo wathu ndi 82 kapena 83 kPa basi. Ngakhale mutagula pampu ya ndalama zingati, geji siingadutse pamenepo. Pampu imene pabokosi alemba kuti imafika -85 kPa (minus akusonyeza mphamvu yokoka mpweya), kuno idzaima cha m'ma -70. Geji ikakhala yoyeza m'mainchi m'malo mwa kPa, imene alemba 25 idzakuonetsani 20 kapena 21. Musadzathamangire kukabweza katundu wabwinobwino n'kumayesa wogulitsa wakuberani.

Ndipo -70 imeneyo ndi yokwana kale. Veneer ya 0.6 mm pabolodi losalala imamata bwino pakati pa -60 ndi -70 kPa. Pa -65, sikweya mita iliyonse ikutsenderezedwa ndi matani pafupifupi 6.5. Kachitseko ka 600 mm ndi 400 mm kokha kasenza tani imodzi ndi theka, mofanana pakati ndi m'mbali momwe. Makilampu, ngakhale mutasonkhanitsa a m'shopu yonse, sangakupatseni zimenezo. Chofunika kuwerenga pabokosi n'chakuti nambala ya kunyanja isachepere -80, chifukwa phiri lathuli lidyapo gawo lake.

Tsopano ya aircon ija. Inapangidwira kukoka mpweya wonse m'mapaipi otsekeka bwino, ndiye imakoka mozama kuposa mmene inu mukufunira, ndipo imayendera mafuta. Chikwama chomatira sichitsekeka ngati paipi yakopa, nthawi zonse pamakhala pena pothonya. Mpweya ukamadutsabe m'pampu yotere, imalavula nkhungu ya mafuta. M'kashopu ka kuseri kwa nyumba, kazenera kamodzi, nkhunguyo mumaipuma ndinu, yotsala n'kukagwera pamabolodi amene mawa mukufuna kupopera vanishi. Vanishi ikakumana ndi mafuta imachita timaenje tonga maso a nsomba, ndipo kasitomala wa ku Sandton, kwa anthu achuma kuja, sadzafuna kumva kuti chinachitika n'chiyani. Kuwonjezera apo, chinyezi chochokera m'guluu chimalowa m'mafuta a pampu, mafutawo n'kuyera mbuu, ndiye kusintha pafupipafupi. Ngati mwaigula kale, ikhoza kukuthandizani poyambira, bola mulumikize paipi yotulutsira utsiwo panja. Koma ngati simunagule, isiyeni kwa eni ake.

Ine ndinganene kuti funani pampu yosayendera mafuta, ya diaphragm kapena ya piston. Mayina odziwika ndi Gast ndi Thomas, ndipo zogwiritsidwapo kale zimapezeka. Apa nambala yoti muyang'anitsitse ndi ya liwiro lokokera mpweya. Pa zitseko ndi madilowa, ya malita 85 pa mphindi, imene ena amalemba 3 CFM, ikukwanirani. Ngati mukulota zomata bolodi lathunthu la 2440 ndi 1220, kapena zinthu zopindika zimene zimasiya mpweya wambiri m'chikwama, pitani pa malita 140, ndiyo 5 CFM. Chifukwa chake ndi guluu. Cold glue, guluu woyera wamatabwa uja, salinda munthu. Mwapaka, mwayala veneer, mwalowetsa m'chikwama, mwatseka, mphindi zapita kale. Pampu ikachedwanso kukoka, guluu amayamba kuuma asanapanikizidwe, veneer nayo yamwa madzi n'kuyamba makwinya. Veneer ya kiaat, mlombwa wakwathu uja, si yoti munthu n'kumaphunzirirapo.

Muonenso kachitsulo kolembedwa pamota. Magetsi akuno ndi 230 V, 50 Hz. Mapampu ambiri amene mumawaona m'mavidiyo a ku America ndi a 115 V, 60 Hz. Ngakhale imene imalola zonse ziwiri imayenda pang'onopang'ono pa 50 Hz, ndiye liwiro limene alemba la 60 Hz muchotsepo gawo limodzi mwa magawo 6.

Ena m'gulu muno akuuzani za venturi, kachipangizo kokoka mpweya pogwiritsa ntchito kompuresa. N'kabwino, kalibe chozungulira mkati choti chingathe, koma kamafuna kompuresa yamphamvu, ndipo kompuresa nayo imafooka pamtunda ngati uno. Ngati yanu ndi kaja kokhomera misomali, kadzalira tsiku lonse, mayunitsi akutha, alandilodi akugogoda. Ya kompuresa ya firiji yakale ndiyo ya ana asukulu: imakoka ndithu, koma mochedwa, imatentha, imalavulanso mafuta. Pa tibokosi ting'onoting'ono ilibe vuto.

Zimene ambiri amaiwala ndi zapakati pa pampu ndi chikwama, pomwe ndi zimene zimakupulumutsani magetsi akathima. Payenera kukhala sefa yotchinga fumbi ndi guluu kuti zisalowe m'pampu, valavu yoletsa mpweya kubwerera, thanki yaing'ono, geji, ndi switchi yozimitsa pampu ikafika pamene mwaika n'kuiyatsanso mphamvu ikatsika. Switchi imeneyo muichune molingana ndi kuno. Mukaisiya pa nambala ya kunyanja, pampu idzangolira osazima chifukwa ikuthamangira pamene singafike. Izimitse cha pa -65 n'kuyatsanso cha pa -55. Dziwaninso kuti mapampu ambiri amakanika kudzuka mkati mwake mukadali vacuum, mota imangong'ung'udza. Pamafunika valavu yolowetsa kampweya kumbali ya pampu ikazima. Funsani wogulitsa ngati yakeyo imadzuka yokha.

Ndi valavu ndi thanki, chikwama chosathonya kwambiri chimagwira nthawi yaitali ngakhale kutadza load shedding. Pa cold glue si nkhani kwenikweni, ola limodzi kapena awiri mwatulutsa. Koma guluu waufa wa urea, uja wosungunula ndi madzi, amafuna maola angapo m'chikwama, ndipo amafuna kutentha kwa madigiri 20 kapena kuposa. Mu June ndi July, mmene kumachera chisanu chili mbee pa Highveld pano, guluu ameneyu amangokhala osauma. Matani masana, kapena fundikani chikwamacho ndi bulangete lamagetsi.

Chikwama chabwino ndi cha polyurethane, chimapirira kuposa cha vinyl ngakhale n'chodula. Pansi muike bolodi la melamine lochekedwa tingalande topingasa kuti mpweya upeze njira yopita kupaipi, ndipo makona onse muwasalaze asaboole chikwama. Veneer muzimata mbali zonse ziwiri za bolodi, apo ayi lidzapindika. Contact glue asayandikire ntchito imeneyi.

Mukapita kukaona pampu yogwiritsidwapo kale, tengani geji yanu ndi kapaipi. Tsekani kukamwa kwake muone ngati ikufika -65 kapena kuposa, ndipo isiyeni iyende mphindi 20 mumve kulira kwake ndi mmene ikutenthera. Funsaninso ngati zosinthira zake, ma diaphragm kapena makapu a piston, zikupezeka kuno. Mujambule kachitsulo ka pamota muponye m'gulu muno limodzi ndi muyeso wa chinthu chachikulu chimene mukufuna kumata, tikuuzani ngati ikukwana.