Kodi bodza loopsa tizilibwereza politsutsa?

Mayi wina wandilembera pa imelo. Akuti pagulu la WhatsApp la abale ake pafika uthenga wonena kuti katemera amaononga ubongo wa ana. Funso lake ndi ili: "Ndiutumize kwa anzanga kuti ndiwachenjeze, kapena ndingokhala chete?"

Mayi, musautumize, ngakhale mutalemba pamwamba kuti "abale, izi n'zabodza". Mu 1977 Lynn Hasher ndi anzake, akatswiri a kaganizidwe ka anthu, anapeza kuti munthu akamva mawu kangapo amayamba kuwayesa oona. Khutu likazolowera, mtima umavomera. Pakapita nthawi ena amaiwala chenjezo lanu, bodzalo n'kutsala m'mutu. Tsono inu amene mumafuna kuteteza ana mwalifikitsa kwa anthu amene sanalimvepo.

Bodza limeneli si latsopano. Linakula mu 1998, dokotala wina dzina lake Andrew Wakefield atalemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet nkhani yolumikiza katemera wa chikuku wotchedwa MMR ndi autism, vuto lokhudza kakulidwe ka ubongo wa mwana. Magaziniyo inachotsa nkhaniyo mu 2010, ndipo iye anachotsedwa m'kaundula wa madokotala ku Britain. Koma nyuzipepala zinali zitaibwereza kwa zaka zambiri, makolo ambiri anachita mantha, chikuku n'kubwerera pakati pa ana. Zimandipweteka kwambiri, chifukwa makolowo ankachita zimenezi pokonda ana awo.

Komabe kukhala chete sindikukuvomereza. Taonani zimene zinachitika mumzinda wa Vienna ku Austria mu 1987. Atolankhani analangizidwa kusiya kufotokoza mwatsatanetsatane za anthu odzipha pa sitima zapansi panthaka, ndipo imfa zoterezi zinachepa kwambiri. Nkhani ya kudzipha sinaletsedwe. Chinasintha ndi kafotokozedwe.

Abale anu uthengawo auwerenga kale, ndiye kwa iwo lankhulani. Yambani ndi choona: kafukufuku wochitika pa ana ambirimbiri m'maiko osiyanasiyana sanapeze kuti katemerayu amayambitsa autism, pamene chikuku chimapha ndithu. Bodzalo litchuleni kamodzi, mwachidule, m'mawu anuanu, osaika kanema kapena linki yake. Kenako aonetseni mmene uthengawo ukukolera anthu: ukuopseza, sukutchula amene waulemba, ukukakamiza kuti autumize msanga. Munthu akazindikira msampha wotere amaudziwanso ukabwera ndi nkhani ina.

Amene anautumizayo muimbireni foni payekha. Mukamuchititsa manyazi pagulu adzaumirira, chifukwa adzakhala akuteteza ulemu wake. Mufunseni chimene chikumudetsa nkhawa pa mwana wake, mumumvetsere mpaka amalize, kenako mumupemphe kuti mupitire limodzi kukafunsa namwino kapena dokotala.