Roboti kapena kung'amba pamimba: yankho kwa achimwene a ku Mufakose

Achimwene, mwati bambo awapeza ndi khansa yosafalikira ya prostate (kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo), ndipo mukufunsa ngati mugulitse katundu kuti akachitidwe opaleshoni ya roboti ku Johannesburg kapena ku India, m'malo mong'ambidwa pamimba konkuno ku Harare.

Njira zonsezi ntchito yake ndi imodzi: kuchotsa prostate yonse ndi timatumba ta umuna, kenako kulumikiza chikhodzodzo ndi njira ya mkodzo. Yong'amba, amacheka kuyambira m'munsi mwa mchombo kutsika, ndipo magazi amatayika ambiri, ndiye funsiranitu ngati magazi owonjezera alipo. Ya laparoscopy (yoonera mkati ndi kamera yaing'ono) ndi ya roboti amaboola timabowo 5 kapena 6 n'kupopera mpweya m'mimba. Magazi satayika kwambiri, ululu umachepa, munthu amatuluka msanga. Koma robotiyo siyenda yokha ayi, amaiyendetsa ndi dokotala.

Kafukufuku wa ku Brisbane, ku Australia, wa 2016 anayerekeza roboti ndi kung'amba, ndipo pa kugwira mkodzo ndi mphamvu za kuchipinda sanapeze kusiyana kwenikweni. Mavuto a mkodzo ndi a kuchipindawa amachokera pamalo omwewo. Minofu yotseka mkodzo ili kunsi kwa prostate, mitsempha yodzutsa chida imadutsa m'mbali mwake. Njira yosunga mitsemphayi anaiyambitsa dokotala wa ku America, Patrick Walsh, mu 1982, koma khansa ikayandikira m'mphepete, amaidula ndithu. Apa chachikulu ndi dzanja la dokotala. Mufunseni, osachita manyazi: amachita maopaleshoni otere angati pachaka, ndipo mwa odwala ake ndi angati amapezeka ndi khansa m'mphepete mwa chochotsedwacho?

Katheta, paipi yotulutsira mkodzo, imakhala sabata imodzi kapena ziwiri. Ikachoka, mkodzo umadontha kwa milungu kapena miyezi, choncho bambo ayambiretu kulimbitsa minofu ya pansi, kumafinya ngati akugwira mkodzo. Umuna sudzatulukanso, mayi adziwiretu. Pakatha milungu 6 mpaka 8, PSA, yomwe amayeza m'magazi pofuna kuona ngati khansa yatsala, itsike kufika pansi pa 0.1. Ikakwera kufika 0.2, bwererani msanga.

Musasokoneze ndi TURP, opaleshoni ija yopala mkati mwa prostate kuti mkodzo uziyenda. Imeneyo sichiza khansa.

Musanagulitse chilichonse, kaonaneninso ndi a radiotherapy (chithandizo chowotcha khansa ndi cheza) ku chipatala cha Parirenyatwa. Mu kafukufuku wa ProtecT wa ku Britain, patatha zaka 15, omwalira ndi khansayi anali pafupifupi 3 pa 100, kaya anachitidwa opaleshoni, radiotherapy, kapena ankangowunikidwa pafupipafupi. Nthawi yofunsa dokotala wachiwiri muli nayo.