Kampani yomanga ikati yapindula, tiyang'ane pati?

Mayi ena andilembera imelo. Akufuna kugula masheya m'kampani ina yomanga misewu ndi milatho, ndipo lipoti lake la pachaka likuti phindu lakwera komanso mpweya wowononga chilengedwe wachepa. Akufunsa ngati zimenezi n'zokwanira kuti aikemo ndalama zawo.

Ayi mayi, sizokwanira. Mlatho umodzi ukhoza kutenga zaka zitatu, koma kampani sidikira kuti uthe. Chaka chilichonse mabwana amayerekeza pamene ntchito yafika ndi ndalama zimene yotsalayo idzadye, kenako n'kulemba gawo la phindu m'mabuku. Ndiye phindu mwaonalo mbali yaikulu n'longoyerekeza. Simenti ikakwera mtengo, mvula ikaimitsa ntchito, kapena mwini ntchito akakana kulipira zowonjezera, limasungunuka.

Zinachitika ndi Carillion, kampani imene inali yachiwiri kukula pa zomangamanga ku Britain. Lipoti lake la 2016 linasonyeza phindu, eni masheya n'kulandira gawo lawo. Mu July 2017 inaulula kuti makontrakiti ake ali ndi dzenje la mapaundi 845 miliyoni. Pofika January 2018 inagwa, itatsala ndi mapaundi 29 miliyoni okha pamene ngongole zinali pafupifupi 7 biliyoni. Makontrakitala ang'onoang'ono inkawadikiritsa mpaka masiku 120 asanalipidwe, ndipo ambiri sanaone ndalama zawo. Izi n'zimene zimandipweteka kwambiri, chifukwa anthuwo ntchito anali atagwira kale.

Choncho tsegulani tsamba losonyeza ndalama zenizeni zimene zalowa ndi kutuluka. Ngati phindu likukwera chaka ndi chaka koma ndalama za m'manja sizikutsatira, pali vuto. Onaninso ngati ndalama za ntchito yogwiridwa koma yosalipidwa zikukula mofulumira kuposa ntchito yeniyeniyo.

Za chilengedwe nazo muziwerenge mosamala. Kampani zambiri zimanyadira kuti zachepetsa dizilo wa makina ndi magetsi a m'maofesi, zomwe malipoti amazitcha Scope 1 ndi Scope 2. N'zabwino ndithu, koma mpweya wambiri wa ntchito yomanga umachokera ku simenti ndi zitsulo zimene kampaniyo imagula. Popanga simenti amawotcha miyala ya laimu pa moto wofika madigiri 1,450, ndipo mwalawo pawokha umatulutsa carbon dioxide. Simenti yokha imatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya umenewu padziko lonse. Zonsezi zimalowa mu Scope 3, ndipo lipoti limene silikuitchula labisa gawo lalikulu la nkhani.

Musalumphe tsamba la ngozi za pantchito. Onani ngati chiwerengero cha ovulala ndi omwalira chikuphatikiza antchito a makontrakitala ang'onoang'ono, poti ambiri okwera pamakwerero ndi iwowo. Ndipo fufuzani ngati akatswiri akunja kwa kampaniyo anatsimikiza ziwerengero za chilengedwe, kapena kampaniyo yangodziyikira yokha umboni.