Inenso ndinkataya nsima kuseri kwa nyumba

Ndikuyankha amayi ena amene akudandaula kuti mwana wawo akubisa nsima m'malo modya. Amayi, mwana wanu wa Fomu 3 amene akubisa nsimayo si wamatama, ndipo amene akuti mumukwapule musawamvere. Ndi matenda odzimana chakudya poopa kunenepa, dzina lake anorexia, ndipo amapha. Ndikulemba manja akunjenjemera chifukwa ndinadutsamo.

Zanga zinayambira pakamwa pa azakhali. Ndikabwera ku holide, moni wawo unali woti "iwe ukungonenepa ngati nkhumba, adzakukwatira ndani?" Anthu n'kumaseka. Ndinali ndi zaka 15. Ndinasiya nsima yamadzulo, kenako phala, mpaka ndinkangomwa tiyi wopanda shuga. Nditaonda, azakhali omwewo anayamba kunong'oneza abale kuti ndatenga kachilombo. Kokayezetsa magazi kawiri, osapeza kanthu. Basi akuti ndalodzedwa, kunditengera kwa mneneri wina, iye n'kulamula kuti ndisale kudya masiku atatu. Mwana woti msambo unali utasiya miyezi isanu!

Tsiku limene sindidzaiwala ndi la Khirisimasi. Anandikhazika pakhonde, abale onse atazungulira, mbale yodzaza mpunga ndi nkhuku, amalume atagwira lamba. "Sudzuka pamenepo mpaka umalize." Ndinadya ndikulira, misozi ikugwera m'mbale, ana akusuzumira pazenera, azakhali akuwerenga masipuni mokweza. Nditamaliza anaomba m'manja. Ndinathamangira kuchimbudzi kukadzisanzitsa, ndinakomokera momwemo, mayi anachita kuthyola chitseko. Kuchipatala anati potassium, mchere wina wa m'magazi, watsika kwambiri chifukwa cha kusanza, mtima ukanatha kuima. Azakhaliwo mpaka lero sanapepese, amati ankangocheza.

Ndiye chonde musamukakamize moopseza. Koma musamulolenso kukadyera kuchipinda yekha, azikunamizani, inenso ndinkanama. Mayi anga anasiya geni yawo, ankakhala nane pachakudya chilichonse, awiriwiri, osakalipa, osadzuka mpaka mbale itayera, kenako ola lathunthu akundiyang'anira kuti ndisalowe kuchimbudzi. Ndinkawalalatira, iwo phee. Ndinadzamva ndili wamkulu kuti ku chipatala cha Maudsley ku London anayambitsa njira yofanana nayo, yoti makolo ndiwo azitsogolera kudyetsa mwana. Madokotala amati banja si ndilo gwero la matendawa, pamakhalanso za chibadwa ndi nkhawa, musadziimbe mlandu. Mwina n'zoona. Ine ndimadziwabe amene anayatsa moto wanga.

Mawa lomwe mupite naye kuchipatala akamuyeze mtima ndi magazi musanayambe kumuwonjezera chakudya, chifukwa thupi lokhalitsa ndi njala likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi n'zoopsanso. Mukafunse za uphungu ku St John of God, othandiza pa matenda a maganizo, ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Sikelo ngati ilipo m'nyumba ibiseni. Ndipo wachibale aliyense wokamba za thupi lake, kaya akuti wanenepako, kaya akuti waonda, mudulireni mawu pomwepo, ngakhale akhale mlongo wa bambo ake.