Mandolini yanga ikulira ngati chitini

FUNSO: Akulu, ndimaimba mandolini m'bandi ya kwaya kuno ku Kawale. Mlamu wanga anandigulira ku Johannesburg pamodzi ndi kapickup komata (kachipangizo kotola mawu ake n'kuwatumiza ku mikisa). M'nyumba imamveka bwino, koma ndikailumikiza ku mikisa pa ukwati imalira ngati chitini, ndipo tikangokweza pang'ono masipika amayamba kukuwa. Ndigule pickup ina?
Wowerenga wa ku Kawale

YANKHO: Achimwene, sungani kaye ndalamazo. Vuto lanu lili pakati pa mandolini ndi mikisa. Tipickup tomatati nthawi zambiri timakhala ta piezo (totola kunjenjemera kwa thabwa), ndipo piezo imafuna polowera pa impedance (muyeso wa mmene polowera pamakanira magetsi) yaikulu, 1 megaohm kapena kuposa. Bowo la line pa mikisa wamba limangokhala cha m'ma 10 kilohm, yochepa kwambiri. Mawu onse onenepa amathera pomwepo, kwa anthu n'kufika kulira kwa mawaya okhaokha.

Chofunika ndi preamp kapena DI bokosi (kabokosi kolumikiza pakati pa mandolini ndi mikisa), koma ikhale active, yoyendera magetsi. Ya passive sikuthandizani. L.R. Baggs Para Acoustic DI imayendera batire ya 9V kapena magetsi a phantom a 48V ochokera ku mikisa, koma ndi yodula ndithu. Thumba likakana, Behringer ADI21 igwira ntchito. Waya wochoka ku mandolini kupita ku bokosilo ukhale waufupi.

Kenako kambiranani bwinobwino ndi mnyamata wa pa mikisa. Mawaya otsika kwambiri a mandolini, a G, amalira pa 196 Hz. Pansi pa 150 Hz palibe chanu, ndi kugunda kwa dzanja basi, choncho adule. Achepetsenso pang'ono pakati pa 2 ndi 4 kHz, pomwe pamachokera kuthwa kobaya m'makutu kuja. Za kukuwa, choyamba musamaime kutsogolo kwa sipika.

Ine mtima wanga uli pa maikolofoni. Shure SM57 mukailoza pa kabowo kam'munsi ka mandolini, motalikira chikhatho chimodzi, mumamva thabwa lenilenilo. Koma zimenezo n'za m'tchalitchi, kwaya ikamaimba modekha. Pa ukwati, ng'oma ndi kiyibodi zili pamoto, maikolofoni imatola phokoso lonse. Pamenepo gwiritsani pickup.

Musachoke pakhomo opanda batire yapadera. Yanga inandithera mu holo ina ku Area 25 perekaniperekani atangoyamba, ndipo nyimbo zitatu zonse ndinangogwedeza dzanja, anthu akuponya ndalama osadziwa kuti mandolini yafa.